Amayi akukana chakudya ndipo akufuna kubwerera kumudzi: ndikawalola ndiye kuti ndawataya?

Mwana Wachisamba walemba:

Ndakhala ndikuwerenga zimene ena amalemba pano kwa miyezi ingapo osayankhapo kanthu, koma lero ndaganiza zofotokoza zanga, chifukwa nkhani imene ndili nayo yandikulira, ndipo abale amene ndikanakambirana nawo ndi omwewo amene tasiyana nawo maganizo.

Ndine mayi wa zaka 52, mphunzitsi wa kupulayimale kuno ku Lilongwe, woyamba kubadwa m'banja la ana anayi. Amayi anga ali ndi zaka 79. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo kumeneko ndi kumene akhala moyo wawo wonse akulima chimanga, nyemba ndi mbatatesi, kufikira chaka chatha pamene ndinapita kukawatenga nditamva kuti akhala akutaya magazi kwa miyezi yambiri osauza munthu. Atawayeza anapeza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza mosabisa kuti matendawo anali atafalikira kale, moti opaleshoni sikanathandizanso. Kuyambira pamenepo akhala ndi ine, m'chipinda chimene kale munkagona ana anga aakazi.

Miyezi yoyambirira ankatuluka kukakhala pakhonde, ankasankha nyemba m'lichero, ndipo anali ndi mphamvu zondikalipira kuti nsima yanga ndi yofewa ngati ya mwana. Tsopano patha milungu isanu asakudzuka okha. Ndimawasambitsa pabedi m'mamawa ndisanapite kusukulu, masana amakhala ndi mtsikana amene ndinamulemba ntchito, ndipo usiku ndimayala mphasa pansi pafupi ndi bedi lawo kuti akabuula ndimve. Tsiku loyamba limene ndinawasambitsa thupi lonse anatembenukira kukhoma n'kudziphimba kumaso ndi chitenje, ndipo anangoti, "Mwana wanga, ndakuonetsa zosayenera kuona." Sindinapeze choyankha, ndinangopitiriza kufinya kansalu m'beseni.

Zimene zandibweretsa pano ndi ziwiri. Choyamba ndi chakudya. Kwa masiku khumi tsopano sakufuna kudya. Ndayesa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndayesa Likuni Phala, msuzi wa nkhuku, nthochi yophwanya ndi thobwa amene kale ankamukonda kwambiri, koma akalandira masupuni awiri amatseka pakamwa n'kukankha dzanja langa. Lamulungu lapitali ndinawakakamiza, ndikulira, ndipo anatsamwa n'kutsokomola kwa nthawi yaitali mpaka ndinachita mantha kuti ndawapha. Amayi anga aang'ono atabwera kudzazonda anandiyang'ana n'kunena kuti munthu safa ndi matenda okha, amafanso ndi njala, ndipo mawu amenewa sakuchoka m'mutu mwanga.

Chachiwiri ndi chakuti akufuna kubwerera kumudzi. Sakunena mozungulira ayi, akuti, "Ndiperekezeni kwathu ndikadali ndi maso, ndikaone nkhokwe yanga ndi manda a bambo anu." Mchimwene wanga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndi amene amatumiza ndalama zambiri zothandizira pakhomo pano, sakufuna kumva zimenezi. Iye akuti ndiwatengere kuchipatala cholipira akawaike diripi, akuti morphine, mankhwala oletsa ululu amene tinalandira, ndi amene akuwafooketsa, ndipo dzulo anandilembera pa WhatsApp kuti kuwapititsa kumudzi n'chimodzimodzi kuwakumbira manda akadali moyo.

Ndikupempha amene munadutsamo m'zimenezi, makamaka ngati pali anamwino kapena madokotala, mundiuze zoona. Kodi ndikasiya kuwakakamiza kudya ndiye kuti ndikuwapha ndi njala? Nanga ndikawamvera n'kuwaperekeza kumudzi, kumene chipatala chili kutali, ndiye kuti ndawataya?

Namwino Wopuma wayankha:

Pepani kwambiri achemwali. Ndinagwira ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri, ndipo zaka zomalizira ndinali mbali yosamalira odwala matenda osachiritsika, imene kuchipatala timangoti paliyetivu. Amayi anu sindinawaone, choncho zimene ndilembe pano mukazitsimikize kwa amene amawapatsa morphine, koma zimene mwafotokozazi ndaziona kambirimbiri ndipo ndikuyankhani mosabisa monga mwapemphera.

Simukuwapha ndi njala. Anthu ambiri amaganiza kuti wodwala akufooka chifukwa wasiya kudya, pamene zoona zake n'zakuti wasiya kudya chifukwa thupi lafika pofooka. Khansa ikafalikira imasintha kagwiridwe ntchito ka thupi lonse, moti ngakhale chakudya chitalowa m'mimba sichisandukanso mnofu kapena mphamvu monga chimachitira kwa munthu wabwinobwino, ndipo njala imene inu ndi ine timamva iwo sakuimva. Kutsamwa kumene munaona Lamulungu kunachitika chifukwa minofu yomezera nayonso yafooka, ndipo chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo, chimene chingawazunze kwambiri kuposa kusadyako. Chimene mungachite ndi kuwapatsa pang'onopang'ono, atakhala tsonga mowatsamiritsa ndi mapilo, pa nthawi imene ali maso bwino, ndipo akakankha dzanja lanu musiye. Masupuni awiri a thobwa amene awalandira mokondwa ndi okwanira pa tsikulo. Komanso tayang'anani m'kamwa mwawo ndi tochi, chifukwa nthawi zina wodwala amakana chakudya kaamba ka zilonda kapena zoyerayera zomera palilime, ndipo zimenezo zili ndi mankhwala ake. Muziwapukuta m'kamwa ndi kansalu koyera konyowa kangapo patsiku, muziwadonthezera madzi pang'ono ndi kasupuni, ndi kuwapaka Vaseline pamilomo kuti isang'ambike, popeza chimene chimavutitsa odwala ambiri pa nthawi imeneyi ndi kuuma kwa m'kamwa.

Za diripi, ndikumvetsa chifukwa chake achimwene anu akuifuna, chifukwa kwa ife Amalawi diripi ndi chizindikiro chakuti wodwala akuthandizidwa. Koma impso ndi mtima zikafooka, madzi olowa m'mitsempha sakhala ndi kopita, ndiye amakatupitsa miyendo ndi mimba, amachulukitsa makhololo pakhosi, ndipo kupuma kumavuta. Pali nthawi zina pamene diripi imathandizadi, mwachitsanzo ngati wodwala wataya madzi chifukwa chotsegula m'mimba kapena kusanza, choncho mukafunse, koma si chakudya ndipo sibweza matendawa m'mbuyo.

Morphine ndiye anthu amamunamizira kwambiri. Popeza amaperekedwa kwa anthu amene adwala kale kwambiri, wodwalayo akamwalira abale amati mankhwala ndi amene amupha. Kuchokera mu 1986 bungwe la World Health Organization limalangiza kuti ululu wa khansa uzithetsedwa mokwera ngati makwerero, kuyambira pa mankhwala ngati Panado, kenako amphamvu pang'ono, ndipo akalephera amenewo morphine. Morphine wamadzi wakumwayu anafala kuno ku Africa kudzera mu ntchito imene Dr Anne Merriman anayambitsa ku Uganda mu 1993, ndipo cholinga chake chinali chomwechi, chakuti munthu athe kusamalidwa kunyumba kwake popanda jakisoni. Akamwedwa pa mlingo umene achipatala alemba, safupikitsa moyo. Chofunika ndi kumupereka pa nthawi yake, kawirikawiri maola anayi alionse, osadikira kuti ululu uyambe kaye, chifukwa ululu ukakwera umavuta kuutsitsa. Masiku oyamba amawodzeretsa, koma zimenezo zimachepa. Vuto lake losatha ndi kudzimbidwa, choncho musachoke kuchipatala opanda mankhwala ofewetsa m'mimba, ndipo ngati akulandirabe kanthu, papaya wakupsa amathandiza. Musawasiyitse mwadzidzidzi chifukwa cha mawu a abale, ndipo musawonjezere mlingo pa inu nokha. Mukaona kuti akugona mosadzutsika kapena thupi likunjenjemera modzidzimuka, makamaka mkodzo ukachepa, dziwitsani achipatala kuti aunikenso mlingowo.

Pali zina zimene simunafunse koma ndikudziwa kuti mukukumana nazo. Muziwatembenuza maola awiri kapena atatu alionse, kuyang'ana pamsana, m'chiuno ndi zidendene, chifukwa pamenepo ndi pamene pamayambira zilonda za kugonera mbali imodzi, ndipo pakangofiira ndiye kuti payamba. Pansi pa nsalu yogonera muziyala pepala lapulasitiki, koma khungu lisakhudzane ndi pulasitikiyo. Ngati pali fungo, limene pa matenda amenewa limachititsa manyazi wodwala mpaka kukana alendo, uzani anamwino, chifukwa mankhwala a metronidazole, amene ambiri amawadziwa kuti Flagyl, amalichepetsa kwambiri, ndipo mbale ya makala osayatsa pansi pa bedi imathandizanso. Khalani ndi zitenje zakuda pafupi, kuti magazi akatuluka ambiri asaopse iwo kapena ana amene ali m'nyumbamo.

Tsopano za kumudzi. Pa ntchito yanga ndinaona anthu ambiri akunong'oneza bondo chifukwa chochedwa kunyamuka, koma sindikumbuka amene anadandaula kuti anafulumira. Chisamaliro chimenechi si cha m'tauni mokha. Kuwonjezera pa malo odziwika ngati Tiyanjane ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Ndi Moyo ku Salima, zipatala za m'maboma nazonso zimapereka chithandizo cha paliyetivu. Musananyamuke, pemphani kalata yowatumiza kuchipatala cha boma la kwanu, onetsetsani kuti zonse zalembedwa m'kabuku kawo ka kuchipatala, tengani mankhwala okwanira, ndipo mudziwiretu amene azikatenga ena akamatha, chifukwa morphine simungamupeze pagolosale kapena pachipatala chaching'ono chilichonse. Mukafika mudziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo.

Ndimalize ndi zizindikiro zakuti mapeto ayandikira, kuti zikadzafika musadzathamange usiku kufunafuna galimoto. Adzayamba kugona nthawi yaitali, mkodzo udzachepa, manja ndi mapazi zidzazizira, kupuma kudzasintha, nthawi zina kumaima kwa kamphindi n'kuyambiranso, ndipo pakhosi padzamveka phokoso la makhololo limene limaopsa omvera kuposa mmene limavutitsira wodwala. Zikatero muwagoneke cham'mbali. Muzilankhula nawobe ngakhale asakuyankha, ndipo musalole anthu kukambirana za bokosi ali m'chipindamo, chifukwa ife tinaphunzitsidwa kumutenga wodwala wotere ngati munthu amene akumva.

Nachisale wa ku Mulanje wayankha:

Achemwali, zachipatala anamwino afotokoza bwino, ine ndingokuuzani mmene zinayendera kwathu, chifukwa ndinawaperekeza amayi anga kumudzi kuchokera ku Blantyre ndipo anakhala milungu itatu asanatisiye. Sindinong'oneza bondo, koma ndikanakonda wina akanandichenjeza kuti kumudzi mavuto satha, amangosintha.

Zabwino zake ndinaziona tsiku lomwelo. Munthu amene m'tauni ankangoyang'ana kudenga, titamugoneka pakhonde la nyumba yake anayamba kutchula mayina a anthu odutsa panjira pongomva mawu awo, ndipo anafunsa chifukwa chake mbuzi zinamangidwa pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Amayi a Mvano ankabwera kudzaimba, ena kudzatunga madzi ndi kuchapa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka chathunthu ndinagona tulo usiku wonse chifukwa panali wondilandira. Chisoni chimene ndinali nacho ndinazindikira kuti theka lake kunali kutopa.

Zovuta zake ndi anthu omwewo. Odzazonda amabwera kuyambira m'mawa mpaka madzulo, aliyense amafuna kulowa, kugwira dzanja ndi kufunsa kuti mwadzuka bwanji, ndipo wodwala amatopa ndi kuyankha. Ndinachita kupempha amalume kuti akhale pakhomo n'kumalowetsa anthu awiriawiri, chifukwa ine monga mwana sindikanatha kubweza akuluakulu a m'mudzi popanda kutchedwa wamwano wa m'tauni. Alendowo amafunanso kudya, choncho ufa, shuga ndi nkhuni zimatha mofulumira kuposa mmene mungaganizire, ndipo zimenezi muwauziretu achimwene anu. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti tsiku lina nditapita kumsika, wachibale wina anawamwetsa mankhwala azitsamba amene anakatenga kwa sing'anga, ndipo anasanza usiku wonse mpaka mankhwala a ululu osakhazikika m'mimba. Sanachite mwankhanza, ankafuna kuthandiza, koma kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana pamaso pa amalume kuti chilichonse cholowa m'kamwa mwa wodwala chizidzera kwa ine kapena kwa mng'ono wanga. Botolo la morphine ndinkalisunga m'chikwama chokhoma, ndipo nthawi yomwetsa ndinkailemba m'kope, chifukwa anthu osamalira akachuluka n'kosavuta kumwetsa kawiri kapena kudumphitsa.

Mukonzekerenso kumva mawu akuti wina wawalodza. Kwathu anayamba kuloza chala gogo wina woyandikana nafe amene anakanganapo ndi amayi za malire a munda zaka zambiri zapitazo. Ndinatenga kabuku ka kuchipatala n'kukawawerengera amfumu dzina la matendawo, ndipo amayi eni ake, ndi mawu ochepa amene anali nawo, anaitanitsa gogoyo kuti adzakhale nawo pamphasa. Nkhaniyo inathera pomwepo.

China chimene ndikukulimbikitsani n'chakuti, popeza amayi anu akulankhulabe bwino, apatseni mpata wonena za munda, nyumba ndi ziweto pamaso pa atsibweni anu ndi amfumu. Ngati ali ndi katundu wina amene akufuna kugawa, lamulo la za chuma cha masiye la 2011 limalola munthu kulemba wilu n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri, ndipo ndi bwino mbonizo zikhale anthu amene sakulandirapo kanthu. Amayi anga atanena zawo zonse, ndinaona nkhope yawo itamasuka ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Kumbukirani kuti ku Dedza kumazizira kwambiri, ndipo munthu woonda chotero samva kutentha msanga. Tengani mabulangete okwanira, koma mbaula ya makala musaisiye m'chipinda chotseka usiku, chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete.

Wa ku Joni wayankha:

Ine ndikufuna ndiwalankhulireko achimwene anuwo, ngakhale sindikuwadziwa, chifukwa zimene akuchitazo ndi zimene ndinachita ine bambo anga akudwala, ndipo mlongo wanga mpaka lero sanaiwale mawu ena amene ndinamulembera.

Munthu ukakhala kunja, chinthu chokhacho chimene ungachite ndi kutumiza ndalama. Sungasambitse, sungatembenuze, sungakhale pamphasa usiku. Ndiye wina akakuuza kuti ndalama sizingathandizenso, zimamveka ngati akukuuza kuti iwe ulibenso ntchito pa moyo wa kholo lako, ndipo mantha amenewo amatuluka ngati ukali. Komanso ife timakhala ndi chithunzi cha kholo monga tinalisiyira. Ine ndinkakangana ndi mlongo wanga ndili ndi chithunzi cha bambo akupalasa njinga kupita kudimba, pamene iye ankayang'ana munthu amene sankatha kukweza kapu. Pafoni bambo ankadzilimbitsa n'kumati ndikupezako bwino, ndipo ine ndinkakhulupirira iwowo kusiyana ndi amene ankawasamalira.

Chimene chinandisintha si mawu a mlongo wanga, chifukwa pakati pa abale mawu amabwera ndi mikangano yakale. Tsiku lina ali kuchipatala anapereka foni kwa namwino, ndipo namwinoyo anandifotokozera modekha kwa mphindi khumi, n'kundifunsa ngati ndili ndi funso. Chitani chimodzimodzi. Kenako muimbireni pavidiyo nthawi imene amayi ali maso, musawakonzekonze kuti aoneke bwino, ndipo muwasiye anene okha kuti akufuna kupita kwawo. Mawu amenewo akawamva kuchokera pakamwa pa mayi ake, sadzawatenganso ngati maganizo anu.

Mukatero mumupatse ntchito. Muuzeni kuti pakufunika galimoto yoti amayi agonemo bwino paulendo, matiresi, matewera a akuluakulu, magolovesi, sopo ndi chakudya cha odzazonda. Koposa zonse muuzeni mosapita m'mbali kuti ngati ali ndi ndalama ya ulendo umodzi wokha, abwere tsopano. Ambiri a ife timasunga ndalama ndi tchuthi kuti tidzabwere pamaliro, n'kukhala masiku awiri m'basi kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kuti tikaone bokosi lotseka. Ine ndinatero, ndipo ndinafika adzukulu atamaliza kale ntchito yawo kumanda. Iye ali ndi mwayi woti mabasi a ku Lilongwe amalowera pachipata cha Dedza pomwepo.

Mkulu wa Mpingo wayankha:

Mwana wanga, ndikugwirizana ndi ambiri mwa mawu amene anenedwa, koma ndikuona kuti onse akukankhira mbali imodzi, ndiye ndiloleni ndifunse zimene sizinafunsidwe. Kodi kumudziko akawasamalira ndani? Inu ndinu mphunzitsi ndipo teremu sinathe. Ngati mukawasiya m'manja mwa amayi anu aang'ono, amene ndi okalamba ndipo akukhulupirira kuti wodwala ayenera kukakamizidwa kudya, ndiye kuti zimene mukuzipewa kuno zikachitika kumeneko inu kulibe. Ndaona okalamba ataperekezedwa kwawo ndi galimoto yabwino, ana n'kubwerera kuntchito, wodwala n'kutsala ndi mdzukulu wa zaka 12. Kumeneko ndiye kutaya kumene mukukuopa, ndipo sikudalira kuti munthu ali m'tauni kapena kumudzi.

Choncho musananyamuke kambiranani ndi aphunzitsi aakulu za tchuthi, ndipo ang'ono anu awiri amene simunawatchule anene masiku amene aliyense adzakhalepo. Nkhaniyi isakhale ya inu ndi mchimwene wanu pa WhatsApp. Kwanu ku Dedza mwini mbumba ndi atsibweni anu, ndipo ngati alipo, iwo ndi amene ayenera kuitanitsa banja n'kumva mawu a mlongo wawo, kuti mawa pasadzapezeke wonena kuti mwana wamkazi anachita zamutu wake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limeneli mwalisenza nokha kwa chaka chathunthu.

Dziwitsaninso abusa kapena akulu a mpingo wa kumudziko kuti akukayembekezereni. Anthu a msinkhu wa amayi anu akamati akufuna kupita kwawo, nthawi zambiri amatanthauzanso kuti akufuna kulandira Mgonero pakati pa anthu amene apemphera nawo moyo wawo wonse, ndiponso kuti pali wina amene akufuna kukhululukirana naye.

Mwana Wachisamba wayankha:

Zikomo nonse. Ndachedwa kuyankha chifukwa masiku anayi apitawa akhala otanganitsa, koma ndinawerenga mawu a aliyense, ena kawiri.

Anamwino, ndinayang'ana m'kamwa ndi tochi ya foni monga munanenera, ndipo lilime lonse linali loyera. Ndinachita manyazi kuti ndakhala ndikuwasambitsa tsiku ndi tsiku osaganizapo zoyang'ana m'menemo. Kuchipatala anatipatsa mankhwala odonthezera m'kamwa, ndipo ngakhale kudya sikunabwerere, dzulo anapempha okha tiyi wamkaka n'kumwa pafupifupi theka la kapu. Ndasiya kuwakakamiza. Ndikuvomereza kuti dzanja langa limafunabe kubwezera supuni pakamwa akakana, koma ndimaiika pansi.

Bambo a ku Joni, ndinachita monga munalangizira. Namwino wa kukiliniki analankhula ndi mchimwene wanga, ndipo madzulo ake ndinamuimbira pavidiyo. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamutchula dzina lake laubwana limene sitinalimve kwa zaka zambiri, n'kumuuza kuti, "Ukandipeze kwathu, usakandipeze kwa eni." Iye anadula foni. Patapita ola limodzi anandilembera kufunsa mtengo wa galimoto, ndipo m'mawa uno wanditumizira chithunzi cha tikiti ya basi. Sanapepese za mawu aja a manda, ndipo ine sindinawakumbutse.

Akulu a mpingo, funso lanu linandilasa chifukwa linali loona. Ndinali ndisanaganize bwino za amene akatsale nawo, ndinkangoganiza za ulendo. Atsibweni anabwera Lachitatu, anakhala ndi mlongo wawo awiriwiri kwa nthawi ndithu, ndipo atatuluka anaimbira foni ang'ono anga onse. Tagwirizana kuti ine ndikhala kumudziko milungu iwiri yoyamba, popeza kusukulu andilola ndipo mnzanga wavomera kunditengera kalasi, kenako mng'ono wanga wa ku Kasungu adzandilandira mpaka sukulu zitatsekera. Mtsikana amene amawasamalira masana wavomera kupita nafe, chifukwa ndi amene amadziwa kuwatembenuza popanda kuwapweteka. Amayi aang'ono sanakhutire pa nkhani ya chakudya, ndipo ndikudziwa kuti tikakanganabe, koma atsibweni anena pamaso pawo kuti mbale ya wodwala izidzera kwa ine.

Kalata yotitumiza kuchipatala cha kwathu ndatenga, mankhwala atipatsa, ndipo kope lolembamo nthawi ndagula monga anachitira achemwali a ku Mulanje. Tinyamuka Loweruka m'mawa dzuwa likatentha pang'ono. Usiku wapitawu amayi anandidzutsa cha m'ma 2 koloko, ndipo ndinadzuka mothamanga poganiza kuti ndi ululu, koma ankafuna kudziwa ngati ndachapa ndi kusita yunifolomu yawo ya Chigwirizano, ndiponso ngati ndaiika pamwamba m'sutikesi kuti isakwinyike.

Ndili ndi funso limodzi laling'ono kwa anamwino ngati mukadalipo. Ulendowu ndi wa maola awiri kapena kupitirira, chifukwa tikachoka pamsewu wa M1 pali msewu wafumbi wokumbikakumbika. Kodi ndi bwino kukonza nthawi yonyamuka kuti ikhale atangomwa kumene morphine, ndipo m'galimotomo ndiwagoneke chagada kapena cham'mbali?